Kunenepa si chizindikiro cha chikhulupiriro chochepa

Achemwali, mwafunsa ngati kusowa mtendere chifukwa cha kunenepa, pomwe mumapemphera tsiku ndi tsiku, kukusonyeza kuti chikhulupiriro chanu n'choperewera. Ine ndikuti ayi.

Kupembedza limodzi ndi anzanu kumathandizadi mtima: simukhala nokhanokha, muli nawo owauza zakukhosi, ndipo mumaona kuti moyo wanu uli ndi cholinga. Koma sikelo sidziwa zimenezo. Thupi limanenepa chifukwa cha chibadwa, kadyedwe, kugona mochepa, kukhala pansi tsiku lonse, nthawi zina mankhwala ena kapena vuto la chithokomiro.

Kuti mudziwe pomwe muli, werengerani BMI, nambala yoyerekeza kulemera kwa thupi ndi kutalika kwake: makilogalamu anu muwagawe ndi kutalika kwanu m'mamita, zotsatirazo muzigawenso ndi kutalika komweko. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati 18.5 mpaka 24.9 zili bwino, kuyambira 25 thupi lapitirira muyeso, pa 30 ndiye kunenepa kwambiri. N'kuyerekeza chabe, sikusiyanitsa mafuta ndi minofu.

Chandidetsa nkhawa n'choti mwayamba kusala kudya pafupipafupi kuti muonde. Kusala kwa pemphero n'kwina, kudzilanga ndi njala n'kwinanso, ndipo achinyamata ena matenda a kadyedwe monga anorexia (kudzimana chakudya mopitirira muyeso poopa kunenepa) amawayamba chonchi. Ngati mukangodya mumadziimba mlandu, kaonaneni ndi dokotala, osati mtsogoleri wanu wachipembedzo yekha. Pakadali pano muziyenda ndawala mphindi 150 pa sabata, monga WHO imalangizira akuluakulu, komanso muzigona maola osachepera 7.