Filimu imene inandiyanjanitsa ndi fizikisi

Mayi wina wa ku Mchinji wandilembera kuti mwana wake wamkazi wa Fomu 2 sakufuna n'komwe kumva za fizikisi, ndiye akufunsa ngati kumuonetsa filimu kungathandize. Amayi, mwandikanda pachilonda.

Ineyo fizikisi ndinkadana nayo kuposa mwana wanuyo. Mphunzitsi wathu ankangolowa, kudzaza bolodi ndi manotsi, ife n'kumakopera ngati alembi a mfumu. Maginito ndinangowaona pachithunzi m'buku. Tsiku lina ndinafunsa kuti kodi magetsi amachokera kuti kwenikweni, anandiyankha kuti ndingoloweza, mayeso safunsa zimenezo. Anzanga anaseka. Kuchokera tsiku limenelo ndinangoti izi n'za ana a mabwana, ndipo zimene ndinapeza pa MSCE musandifunse.

Mu 2019 kunatuluka The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya moyo wa William Kamkwamba, mnyamata amene anapanga makina a mphepo otulutsa magetsi, wa ku Wimbe, kwathu konkuno ku Kasungu. Sindinkafuna kuionera. Njala ya 2002 ndinaiona ndi maso angawa, gaga tinadya, maliro tinaika, ndiye wina adzandikumbutsirenji? Mlamu wanga ndi amene anandiumiriza, tinaonera palaputopu yake usiku wina titakhala pakhonde.

Poyamba tinkangoseka Chichewa cha Chiwetel Ejiofor, amene anasewera ngati bambo ake a William komanso anatsogolera filimuyo. Anayesetsa ndithu bamboyo, koma lilime likuchita kumvekeratu kuti si lakuno. Kuseka kunatha pamene mnyamata uja anayamba kudabwa ndi nyali ya panjinga ya mphunzitsi wake. Dayinamo! Bambo anga anali nayo panjinga yawo, tinkapita nayo kuchigayo m'bandakucha, ikulira kutayala kuja, ndipo sindinadzifunsepo kuti kuwalako kukuchokera kuti. M'kati mwake muli maginito ozungulira pafupi ndi waya wa kopa wokulungakulunga. Tayala likamazunguza maginitowo, magetsi amayamba kuyenda m'wayamo. Basi, n'zomwezo. M'malo mwa miyendo yopalasa muikepo mphepo, mwapanga zimene William anapanga ali ndi zaka 14, atasiya sukulu posowa fizi, akungoona zithunzi m'buku la Using Energy limene anapeza mulaibulale. Funso limene anandisekera nalo m'kalasi lija, yankho lake linali panjinga ya bambo anga zaka zonsezo. Usiku umenewo ndinagona ndi mkwiyo.

Ndiye ndinene mosapsatira. Mwana wanu sadana ndi fizikisi, sanaionebe. Chimene akudana nacho ndi manotsi. Timaphunzitsa sayansi ngati katekisimu, kenako n'kumadabwa kuti ana akuthawa, makamaka atsikana amene timawauza kale kunyumba kuti mawaya ndi a anyamata. Pitani pamsika wa Kasungu mukaone anyamata okonza mafoni ndi mawailesi. Ambiri mwa iwo sukulu inawatcha mbuli. Taonaninso ana amene amadzaza m'mavidiyo shoo kuonera mafilimu a nkhondo omasuliridwa m'Chichewa, amakumbukira chilichonse, ngakhale dzina la mfuti. Mutu ali nawo anawa.

Komanso filimu ndi filimu, imakometsera. Mmenemo makina a mphepo aja akupopa madzi n'kupulumutsa mudzi kunjala, pamene makina oyamba enieni a William ankangoyatsa mababu ndi wailesi kunyumba kwawo. Zopopa madzi zinabwera pambuyo, dziko litamudziwa kale atakalankhula pamsonkhano ku Arusha, m'dziko la Tanzania, mu 2007. Kwa ine mababuwo ndi okwanira. Munthu amene anakulira pa koloboyi amadziwa tanthauzo la babu limodzi.

Nanga muchite chiyani?

Muonetseni, koma musamuuze kuti ndi phunziro, angaithawe. Khalani naye muonere limodzi. M'mawa mwake mupite kwa wokonza njinga mukafunse dayinamo yakale, mugule kababu ndi mawaya awiri, azunguze yekha. Filimu payokha simukhozetsa mayeso, pamenepo pafunikabe buku ndi mphunzitsi woleza mtima. Yanga dayinamo ndinagula sabata yomwe ndinaonera filimuyo, ndinaiphwasula kuti ndione maginito aja, ndipo mpaka lero ndikulephera kuibwezera.