Kodi munthu wosatha kujambula angapete nsalu?

Mayi wina wanditumizira imelo, ndipo funso lake mwachidule ndi ili: "Ndikufuna kuphunzira kupeta nsalu ndili pakhomo, koma kujambula sinditha ngakhale pang'ono. Ndinagula ulusi wamitundumitundu n'kuyesa kupeta duwa lalikulu pa pilokesi. Nsalu yonse inakwinyika, ndipo duwalo silikuoneka n'komwe kuti ndi duwa. Ndiyambire pati? Kapena ntchitoyi ndi ya anthu aluso lojambula okha?"

Amayi, zikomo kwambiri polemba. Musataye singano. Chimene chakukhumudwitsani si kulephera kujambula ayi, mwangoyambira pa ntchito imene imavuta ngakhale anthu amene akhala akupeta kwa zaka. Duwa lalikulu lodzaza ulusi mbali zonse limafuna dzanja lozolowera. Woyamba kumene ayenera kuyambira pa mzere, ndipo mzerewo sikuti muchite kujambula nokha.

Tiyambe ndi makwinyawo, chifukwa mukapanda kudziwa gwero lake adzabweranso. Podzaza duwa, anthu ambiri amagoneka ulusi moyandikana kuchokera m'mphepete muno kufika m'mphepete umo, kasokedwe kotchedwa satin stitch. Ulusi uliwonse umene wagonekedwa choncho umakoka nsalu pang'ono kuchokera mbali ziwiri. Umodzi simungauone mphamvu yake, koma ikachuluka nsalu imasonkhana pakati, kunja n'kukhala makwinya okhaokha. Zimanyanya ngati nsaluyo ndi yopyapyala, ngati sinakungidwe, komanso ngati dzanja likukoka ulusi mwamphamvu poopa kuti ukhwepa. Ndipo satin stitch ikatalika kupitirira sentimita imodzi imayamba kulendewera n'kumakodwa m'zikhadabo.

Ndikukayikiranso kuti munalowetsa ulusi wonse m'singano monga mmene unabwerera. Ulusi wopetera wa thonje, monga wa DMC kapena Anchor, umabwera m'kamtolo ka mamita 8, koma mukauyang'anitsitsa muona kuti ndi timaulusi 6 topotedwa pamodzi. Timeneti n'tofunika kutilekanitsa. Dulani ulusi wotalika kuchokera kunsonga ya chala kufika pachigongono, pafupifupi masentimita 45. Upaneni kumapeto ndi chala chachikulu ndi cholozera, kenako ndi dzanja linalo solowolani kaulusi kamodzi mokokera m'mwamba. Totsalato tidzadzikundika pansi pa zala zanu mokhala ngati tapiringizana, koma musachite mantha, kamodziko kakangotuluka tonse timagwa n'kuwongoka tokha. Solowolani kachiwiri chimodzimodzi, muphatikize tiwirito, ndiye mulowetse m'singano. Mukasolola tiwiri nthawi imodzi mudzathera nthawi pomasula mfundo. Pa ntchito zambiri za mizere, timaulusi tiwiri kapena titatu n'tokwanira, ndipo singano yopetera ya nambala 7 imayenda nato bwino. Kumbukirani kuti nambala ikamakwera singano imanka ichepa.

Chachiwiri ndi mkombero wokungira nsalu, hoop. Ngati mulibe, chimenechi ndicho choyamba kupeza, ulusi wina udikire. Wa masentimita 15 umagwirika bwino m'dzanja. Ikani mkombero waung'ono pansi, nsalu pamwamba pake, muvindikire ndi waukulu, mumange sikuluwu pang'ono, n'kukoka nsalu mbali zonse motsata mmene inawombedwera, osati mopingasa. Mukaigogoda ndi chala izilira ngati ng'oma. Ikamapulumuka, kulungani mkombero wam'katiwo ndi kansalu kakatalikatali kuti uzigwira. Mukamaliza ntchito ya tsikulo, ichotseni nsalu mumkombero, apo ayi mudzatsala ndi chizindikiro chozungulira chovuta kusita. Nsalu yoyambira ikhale ya thonje yosatamuka, ndipo muichape kaye, chifukwa thonje limafupika likachapidwa koyamba pomwe zopetazo sizifupika nalo limodzi. T-shirt ndi nsalu zina zotamuka zisiyeni kaye.

Tsopano nkhani ya kujambula. Ngati m'nyumba mwanu muli mwana wamng'ono, muli kale ndi wojambula wanu. Chithunzi cha mwana wa zaka zinayi kapena zisanu, munthu wamutu waukulu, miyendo yochokera pakhosi, zala zitatu kudzanja limodzi ndi zisanu ndi ziwiri ku linalo, chimakongola modabwitsa chikapetedwa ndi ulusi. Mizere yake ndi yochepa, ndi yolimba mtima, ndipo palibe amene angakuuzeni kuti mwakhotetsa. Chokhacho chimene ndikupempheni n'chakuti musakonze. Akuluakulufe timafuna kuwongola mwendo, kufananitsa maso, ndipo tikatero chithunzicho chimafa. Pomwe mwana anadutsitsa mzere, inunso dutsitsani. Pansi pake mupete dzina lake monga mmene iye analilembera, ndi chilembo chotembenuka chija, muwonjezere chaka.

Ngati mwana palibe, zolemba pamanja za munthu amene mumamukonda zimagwira ntchito yomweyo: mawu awiri atatu a m'kalata yakale, kapena siginecha chabe. Zilembozo muzikuze kaye pa makina a fotokope kapena pa foni kuti zifike masentimita awiri kutalika, chifukwa tizilembo tating'ono timavuta pokhota. Tsamba la mtengo nalonso ndi mphunzitsi wabwino. Ligonekeni papepala, mulizungulize ndi pensulo, kenako muwonjezere mtsempha wapakati ndi timitsempha tochepa ta m'mbali. Masamba atatu osiyana kukula, ogonekedwa mosalongosoka pakona ya nsalu, ndi ntchito yokwanira.

Kusamutsa chithunzi kuchoka papepala kupita pansalu sikulira zambiri. Masana, matani pepalalo pagalasi la zenera ndi selotepi, mumate nsalu pamwamba pake, ndipo kuwala kochokera kunja kudzaonetsa mizere yonse. Tsatirani ndi pensulo yosongoka mopepuka, kapena ndi cholembera cha inki yabuluu imene imachoka ndi madzi. Pa cholembera chimenechi chenjerani ndi chinthu chimodzi: musasite nsalu inkiyo isanachoke, kutentha kumatha kuikhazikitsa. Palinso zolembera zimene inki yake imazimirira ndi kutentha, monga Frixion. N'zosavuta, koma mizere yake imatha kubwereranso nsalu ikazizidwa kwambiri, choncho muzilemba pokhapokha pamene ulusi udzaphimbe. Nsalu ikakhala yakuda moti kuwala sikudutsa, jambulani pa pepala lopyapyala, mulilumikize pansalu ndi masitichi akuluakulu, mupete modutsa pepala ndi nsalu pamodzi, kenako mung'ambe pepalalo pang'onopang'ono.

Masitichi musawaunjike. Mabuku ali ndi mazana, koma inu mukufunika awiri ndi kamfundo kamodzi. Woyamba ndi back stitch. Tulutsani singano pamzere, patsogolo pang'ono pa poyambira, ibwezeni m'mbuyo kulowa poyambirapo, ituluke patsogolo, ibwererenso kulowa pabowo lomwe sitichi yoyamba inathera. Chinsinsi chili pabowo limenelo. Singano ikalowa pabowo lenilenilo mzere umakhala wosadukiza, ikaphonya pamatsala timipata. Sitichi iliyonse ikhale mamilimita atatu kapena kuchepera, ndipo pokhota, monga pamimba pa chilembo cha a kapena o, muzifupikitsa kwambiri. Masitichi aatali pokhota ndiwo amachititsa bwalo kukhala ndi makona.

Wachiwiri ndi stem stitch, umene umatuluka wopotana pang'ono ndipo umakhota mosalala kuposa woyambayo. Mumapita patsogolo, singano n'kutulukira pakati pa sitichi imene mwangoyika kumene, ulusi uli mbali imodzi. Mukayamba ulusi uli pansi pa singano, ukhale pansi mpaka kumapeto kwa mzere. Musaupeputse sitichi ameneyu. Bayeux Tapestry, nsalu ya mamita pafupifupi 70 yofotokoza mmene a Norman, anthu a kumpoto kwa France, anagonjetsera England mu 1066, inapetedwa ndi ulusi waubweya pa bafuta, ndipo zilembo zake ndi mizere ya m'mphepete mwa anthu, akavalo ndi zombo zinasokedwa ndi sitichi wa mtundu womwewu. Akavalo ena mmenemo miyendo yawo ndi ya mitundu yosiyana ndi thupi, koma anthu sanaleke kuigomera.

Kamfundo kaja ndi French knot, ka maso ndi timadontho. Tulutsani singano, gwirani ulusi ndi dzanja lamanzere, muukulunge kawiri pasingano, mulowetse nsonga pambali penipeni pa bowo lomwe munatulukira, osati m'bowo momwemo. Kokani ulusi kuti zokulungazo zitsikire pansalu, ndipo musausiye mpaka singano itadutsa. Mukausiya msanga mumapeza kachingwe kolendewera m'malo mwa kamfundo.

Ulusi wamitundumitundu munagulawo usungeni, koma ntchito yoyamba muipete ndi mtundu umodzi. Wofiira pansalu yoyera sukhumudwitsa. Ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kapetedwe kotere, kotchedwa redwork, kanafala kwambiri pa mapilokesi ndi zofunda, ndipo kanali mizere yokhayokha, popanda kudzaza. Mtundu ukakhala umodzi, maso anu amakhala pa kutalika kwa sitichi, osati pa kusankha ulusi.

Mwina chithunzi simuchifuna n'komwe. Pamenepo tengani rula. Ku Japan kuli sashiko, ulusi woyera pansalu yabuluu woderapo, ndipo ku Bengal, dera la ku India ndi Bangladesh, kuli kantha, komwe nsalu zakale zimasanjikizidwa n'kusokedwa pamodzi. Zonsezi maziko ake ndi sitichi wamba wolowa n'kutuluka, amene aliyense wosokapo chigamba amamudziwa. Lembani mizere yotalikirana sentimita imodzi ndi choko cha atelala, ikani chigamba kuseri kwa bondo la jinzi long'ambika, muyendetse singano yaitali motola masitichi angapo musanakoke ulusi. Sitichi yapamwamba italikepo pang'ono kuposa mpata wotsatira. Mukamaliza mizere yogona, dutsitsani yoimirira, ndipo mtanda wa timizere udzatuluka wokha. Ineyo ntchito imeneyi ndimaiika patsogolo pa cross stitch, kapetedwe ka timitanda tonga X, ngakhale kuti cross stitch nayonso safuna kujambula. Pansalu yake yotchedwa Aida, mwachitsanzo ya timabokosi 14 pa inchi, mumangowerenga mabowo. N'zosangalatsa, koma mabowowo ndi amene amakuyezerani sitichi, dzanja lanu siliphunzira kuyeza lokha.

Nanga pilokesi ija? Ngati makwinya ndi ochepa, inyowetseni, muitambasule pathaulo mokoka mbali zonse, muibaye ndi mapini kuti iume ili yokungika. Ngati yakwinyika kwambiri, itembenuzeni, mudule ulusi kuseri ndi kasizasi kosongoka, musolole tizidutswa kumaso, kenako muichape kuti timabowo titsekeke. Duwa lomwelo mulipetenso ndi mizere yokha, pakati pake muikepo timfundo tingapo. Tsiku limene mudzafune kulidzaza, yalani mizere ya stem stitch moyandikana motsata mmene duwalo lakhotera, chifukwa masitichi aafupi sakoka nsalu ngati aatali.

Popeza pilokesi imachapidwa kawirikawiri, musadalire mfundo kuseri, zimamasuka komanso zimatuluka ngati timabampu. Pomaliza ulusi, ulowetseni pansi pa masitichi anayi kapena asanu a kuseri n'kudula. Ulusi wofiira, makamaka wosadziwika kampani yake, muuyese musanayambe: nyowetsani kachidutswa, mukafinyire pansalu yoyera, ndipo ukasiya utoto musaugwiritse ntchito pa chinthu chochapidwa. Posita, yalani thaulo lofewa, mugoneke zopetazo chafufumimba, musite kuseri nsalu ikadali yachinyezi pang'ono, kuti ulusi ulowe m'thaulo m'malo mophwanyidwa ndi simbi.