Akuti ndinu "fish" achimwene, koma sakunena za Shire

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Nchalo. Akuti akaweruka ku nzimbe amasewera poker, masewera a makadi obetcherana ndalama, pa foni, ndiye tsiku lina atapambana, amene anamudya uja anamulembera kuti "nice river, fish". Funso lake ndi lakuti munthuyo wadziwa bwanji kuti iye amakhala pafupi ndi mtsinje, nanga nsomba ikubweramo bwanji.

Achimwene, ndaseka mpaka misozi, mundikhululukire. Munthuyo sakudziwa kuti kuli Chikwawa. Anakunyozani.

Tiyambe ndi mtsinjewo. Masewera amene ali pa foni yanuwo ndi Texas Hold'em. Pa makadi 52, aliyense amapatsidwa awiri obisa, kenako patebulo pamagwa asanu a onse. Atatu oyamba amagwa limodzi, dzina lawo flop. Lachinayi ndi turn, lomaliza ndiye river. Mukamva kuti wina wapulumukira pa river, ndiye kuti anali atamira kale, khadi lomaliza n'kumuvuula. Mwandiuza kuti munali ndi makadi anayi a mitima, mukudikira lachisanu, poti asanu a mtundu umodzi ndi makadi amphamvu. Mitima yotsala inali 9 pa makadi 46 amene simunawaone, kutanthauza kuti mukachita zimenezi kasanu, mupambana kamodzi kokha. Inu munaponya ndalama zonse, chimene amati all-in, mwayi n'kukumwetulirani. Ndiye mnzanuyo magazi anawira.

Fish ndi munthu amene amameza nyambo iliyonse, ngati mlamba wa ku Elephant Marsh. Akaona khadi lokongola limodzi safuna kutaya, amangotsatira. Amene amadya anthu oterewa amamutcha shark. Kwathu kuno tikanati ng'ona, chifukwa sachita phokoso, amangoyandama ngati chipika kudikira mbuzi ibwere kudzamwa.

Mawu a kasewero enieni savuta. Fold ndi kutaya makadi, call ndi kuponya zofanana ndi za mnzako, raise ndi kuonjezera, check ndi kudutsitsa osaponya kanthu. Bluff mumaidziwa kale: ndi zija amachita wogula mbuzi pa msika wa Ngabu, kutembenuka ngati akupita pomwe mtima wake watsala pa chingwe. Ma ace awiri amati pocket rockets, mafumu awiri ndi cowboys. Ma ace awiriwo amabwera kamodzi pa maulendo 221, ndipo akakumana ndi makadi ena awiri ofanana amaluzabe pafupifupi kamodzi pa kasanu. Kuluza kotereku, uli ndi makadi abwino, ndi kumene amati bad beat.

Koma liwu limene ndikufuna mulisunge ndi tilt. Linachokera ku makina a masewera otchedwa pinball, amene munthu akawagwedeza mwaukali ankayatsa mawu akuti TILT n'kuzima. Pa poker ndi pamene mutu waima chifukwa cha mkwiyo. Ine zinandionekera ku Bangula, mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti ngakhale nkhuku zimayasama pansi pa nkhokwe. Tinayala chitenje pansi pa mtondo, titangogulitsa thonje. Ndinali ndi mafumu awiri, mkulu wina wachisena n'kundidya ndi khadi lomaliza. M'malo mopuma ndinayamba kuponya pa chilichonse, thukuta likudontha pa makadi, manja akunjenjemera. Mkuluyo sanayankhule, ankangosenda nzimbe ndi mano n'kumakoka ndalama. Pofika madzulo ndinabwerera wapansi, ndalama ya kabaza ndilibe. Dzina la matendawa ndinalidziwa patapita zaka.

Mawu ambiriwa ndi a ku America chifukwa masewerawa anakulira kumeneko, ku New Orleans ndi m'sitima za pa mtsinje wa Mississippi m'zaka za m'ma 1800. Mpikisano waukulu wa World Series of Poker unayamba mu 1970 ku Las Vegas. Ndipo amene anapenga naye anyamata a pa intaneti ndi Chris Moneymaker, munthu wowerengera ndalama wamba amene analowa kudzera pa kompyuta mu 2003 n'kutenga madola 2.5 miliyoni. Nkhani yake imakoma, koma ndalama zimenezo zinachokera m'matumba a anzake 838, amene ambiri mwa iwo anabwerera chimanjamanja, ndipo amenewo satchulidwa.

Mwafunsanso zoti mumuyankhe chiyani. Pa tebulo la pa foni anthu amalemba "nh" poyamikira makadi a mnzawo, wina n'kuyankha "ty", kuthokoza. Mulembereni "ty" basi. Amene ali pa tilt panopa ndi iyeyo, ndipo akakuputaninso, onani kaye ngati mitima yanu yakwana isanu musanaponye ya malipiro.