Mafunso ndi Mayankho: Kodi Ndi Mankhwala Amene Akufupikitsa Moyo wa Odwala?

FUNSO: Akonzi, ndine wophunzira wa zaumoyo wa anthu ndipo ndikulemba kafukufuku womalizira maphunziro anga. Ndinatenga zolembedwa zakale za odwala matenda a mtima pachipatala china, n'kuwagawa pawiri: amene anapatsidwa mankhwala atsopano ndi amene anapitiriza akale. Nditajambula mizere ya Kaplan-Meier, yoonetsa gawo la odwala otsala amoyo nthawi ikamapita, mzere wa omwa mankhwala atsopano unatsika msanga, kusonyeza kuti ankamwalira mofulumira, ndipo modelo ya Cox, njira ya masamu yoyerekezera chiopsezo cha imfa m'magulu, inanenanso chimodzimodzi. Aphunzitsi anga anangolemba liwu limodzi m'mphepete mwa pepala, loti confounding, n'kundibwezera. Kodi ndalakwitsa pati, popeza masamu onse ndawabwereza katatu ndipo yankho silikusintha?

YANKHO: Masamu anuwo mwina alibe vuto, ndipo ngakhale mutawabwereza kakhumi adzakupatsani yankho lomwelo. Chimene aphunzitsi anu akufuna kuti muone ndi funso limene simunalifunse musanayatse kompyuta, loti kodi ndani ankasankha odwala oti apatsidwe mankhwala atsopanowo, nanga posankhapo ankayang'ana chiyani. Dokotala sachita maere. Wodwala amene akupeza bwino ndi mankhwala akale amamusiya pomwepo, ndipo amene miyendo yatupa, akubanika pogona, mankhwala akale alephera, ndi amene amamusinthira ku atsopano. Ngati zinthu zinayenda chonchi pachipatalapo, gulu lanu la mankhwala atsopano linadzaza ndi anthu amene imfa inali itawayandikira kale asanameze mbulu woyamba, ndipo mankhwala angosenzetsedwa mlandu wa matenda.

Zimenezi ndi zimene akatswiri amazitcha confounding. Pamakhala chinthu chachitatu chimene chimakokera munthu ku gulu lina, komanso pachokha chimasintha nthawi imene munthuyo akhale ndi moyo. Mbali ziwiri zonsezi ziyenera kukhalapo. Kukula kwa matenda kumachititsa dokotala kusintha mankhwala, ndipo kukula kwa matenda komweko kumapha.

Chitsanzo chimene ndimakonda kupereka n'chochokera ku Whickham, m'dziko la England. Pakati pa 1972 ndi 1974 ofufuza anafunsa anthu a kumeneko za umoyo wawo, kuphatikizapo ngati amasuta fodya, ndipo patapita zaka 20 anafufuzanso kuti aone amene anali adakali moyo. Mwa amayi 1,314, osuta anali 582, ndipo 139 mwa iwo anali atamwalira, kutanthauza 24 pa 100 aliwonse. Osasuta anali 732, ndipo omwalira anali 230, kutanthauza 31 pa 100 aliwonse. Munthu wongoyang'ana ziwerengero ziwirizi akhoza kutuluka akulengeza kuti fodya amatalikitsa moyo. Koma chinsinsi chinali pa msinkhu: mwa osasuta, mayi mmodzi pa anayi aliwonse anali ndi zaka 65 kapena kuposerapo pamene kafukufuku ankayamba, pomwe mwa osuta okalamba otere sanafike ngakhale mmodzi pa khumi aliwonse. Amayi a m'badwo wakalewo sankasuta kwenikweni, ndipo ambiri mwa iwo sakanatha zaka zina 20, kaya asute kaya asasute. Atawagawa m'magulu a misinkhu yofanana, pafupifupi m'gulu lililonse osuta ndiwo ankamwalira kwambiri. Kutembenuka kotere kwa ziwerengero kumatchedwa ndi dzina la Edward Simpson, amene anakufotokoza mu 1951.

Muyeneranso kudziwa ntchito imene zida zanu ziwirizo zinapangidwira. Njira imene Edward Kaplan ndi Paul Meier anafalitsa mu 1958 inabwera kudzathetsa vuto la anthu amene sitidziwa tsiku la imfa yawo, kaya chifukwa anasiya kubwera kuchipatala kapena chifukwa kafukufuku anatha iwo adakali moyo. Imachita zimenezo bwino, malinga ngati osowawo sanasowe chifukwa cha kudwala, koma siyifunsa ngati magulu awiri anali ofanana poyamba. Modelo imene David Cox anabweretsa mu 1972 imakupatsani hazard ratio, imene ndi kuyerekeza chiopsezo cha imfa m'gulu lina ndi cha gulu linzake pa nthawi iliyonse, ndipo ubwino wake ndi wakuti imalola kulowetsamo zinthu zina monga zaka za wodwala ndi kukula kwa matenda, kuti muyerekeze anthu ofanana okhaokha. Komabe imangowongola zimene mwailowetsera. Mukaipatsa mtundu wa mankhwala wokha, idzabwereza zimene mizere ya Kaplan-Meier yanena kale, ndipo kugwirizana kwa ziwirizo si umboni wachiwiri ayi.

Langizo langa ndi lakuti muyambe ndi pepala ndi cholembera. Lembani zonse zimene dokotala akanayang'ana asanasinthe mankhwala, ndipo ngati n'kotheka kafunseni madokotala enieniwo, chifukwa iwo amadziwa zimene zolembedwa sizinena. Kenako pangani tebulo loonetsa mmene magulu awiriwo analili tsiku loyamba, ndipo jambulaninso mizere yanu padera kwa odwala pang'ono ndi kwa odwala kwambiri. Mukatero m'pamene mubwerere ku modelo. Chenjerani ndi chizolowezi chokokolola chilichonse chimene chili m'zolembedwa n'kuchithira m'modelo. Ngati mankhwala amagwira ntchito potsitsa kuthamanga kwa magazi, ndiye inu n'kulowetsamo kuthamanga kwa magazi koyezedwa munthu atayamba kale kumwa, mwatseka njira yomwe mankhwalawo amadzera, ndipo phindu lawo lidzabisika. Choyenera kulowa ndi chimene chinalipo mankhwala asanasankhidwe.

Ndiwonjezepo kanthu kamodzi kamene kamasokoneza ngakhale anthu ozolowera ntchitoyi. Hazard ratio imatha kusintha mukalowetsa chinthu cholosera imfa mwamphamvu, ngakhale chinthucho chitagawika mofanana m'magulu onse awiri. Choncho kungoona nambala yasuntha sikutsimikizira kuti mwagwira confounding. Chimene chimatsimikizira ndi kudziwa mmene chinthucho chimakhudzira kusankha kwa mankhwala.

FUNSO: Ndimagwira ntchito yosanthula ziwerengero za anthu amene ali ndi HIV. Poyerekeza njira ziwiri za chithandizo, ndinalowetsa m'modelo chiwerengero cha CD4 (maselo a chitetezo cha m'thupi) cha tsiku limene munthu analembetsa. Mnzanga wa kuntchito akuti zimenezo sizokwanira. Kodi akunena zoona?

YANKHO: Akunena zoona, ndipo apa m'pamene ziwerengero za kutalika kwa moyo zimavutira kuposa zina, chifukwa chinthu chachitatu chija sichikhala malo amodzi. CD4 ya munthu imakwera ndi kutsika miyezi ikamapita, ndipo dokotala amasankha chochita poyang'ana CD4 ya lero, osati ya tsiku lolembetsa. Mwina munganene kuti mungolowetsa CD4 ya mwezi uliwonse, pakuti modelo ya Cox imalola zinthu zosintha ndi nthawi. Koma CD4 ya mwezi uno ili ndi nkhope ziwiri: ndi chifukwa chimene munthu ayambire mankhwala mwezi wamawa, komanso ndi chipatso cha mankhwala amene anamwa mwezi wathawu. Mukaisiya kunja, confounding itsala, ndipo mukailowetsa mwachizolowezi, mufufuta gawo la phindu la mankhwala.

Mu 2000 Miguel Hernán, Babette Brumback ndi James Robins anaonetsa kukula kwa vutoli pogwiritsa ntchito ziwerengero za amuna a ku United States amene anali ndi HIV, pofufuza mankhwala a zidovudine, amene ambiri amawadziwa kuti AZT. Poyerekeza popanda kuwongola chilichonse, omwa mankhwalawa ankaoneka kuti ali ndi chiopsezo cha imfa chochuluka ka 3.6 kuposa osamwa. Atawongola ndi CD4 komanso zinthu zina za tsiku loyamba, monga mwachitira inumu, nambala inatsika kufika pa 2.3, mankhwala n'kumaonekabe ngati chiphe. Atagwiritsa ntchito njira yotsatira kusintha kwa CD4 mwezi ndi mwezi, nambala inafika pa 0.7, kusonyeza kuti mankhwalawo ankachepetsa imfa. Anthu anali omwewo, zolembedwa zomwezo.

Njirayo, yotchedwa marginal structural model, imayenda motere: pa mwezi uliwonse mumawerengera mwayi woti munthu wa mbiri yotere alandire chithandizo chimene analandiracho, kenako mumamupatsa kulemera kotembenuza mwayiwo. Munthu amene mwayi wake unali umodzi pa inayi amawerengedwa ngati anthu anayi, chifukwa akuimira anzake ofanana naye amene anapita njira ina. Mukatero mumapanga gulu longoyerekeza limene CD4 yakale sikulamulanso kuti ndani ayambe mankhwala. Yang'anitsitsani kulemera kumene kwatuluka, chifukwa anthu awiri kapena atatu olemera mopitirira akhoza kukoka zotsatira zonse.

Muonenso tsiku limene mukuyambira kuwerenga nthawi. Malipoti oyambirira a ku United States a odwala oikidwa mtima wa munthu wina ankaonetsa kuti olandira mtima amakhala nthawi yaitali, mpaka Mitchell Gail anakumbutsa mu 1972 kuti munthu kuti alandire mtima ayenera kukhala moyo kufikira mtimawo utapezeka, pomwe omwalira akudikira ankangogwera m'gulu la osalandira. Imeneyi si confounding yeniyeni, koma imanamiza mofananamo, ndipo nthawi zambiri ziwirizi zimapezeka m'kafukufuku mmodzi.

FUNSO: Nanga ndikalowetsa zonse zoyenera, ndikhoza kulemba kuti mankhwala ndiwo achititsa kusiyanako?

YANKHO: Mukhoza kulemba kuti kusiyanako kwatsalabe mutawongola zinthu zakutizakuti, n'kuzitchula, koma zimene simunayeze sizinawongoledwe. Kwa zaka zambiri akafukufuku ongotsatira anthu, kuphatikizapo wamkulu uja wa anamwino a ku United States wotchedwa Nurses' Health Study, ankaonetsa kuti amayi osiya kusamba amene amamwa mahomoni amadwala mtima mochepa, ndipo ofufuzawo anali anthu osamala amene anawongola zinthu zambiri. Mu 2002 kafukufuku wa Women's Health Initiative, amene anagawa amayi 16,608 mwa maere, anapeza hazard ratio ya 1.29 pa matenda a mtima kwa omwa mahomoni a estrogen pamodzi ndi progestin, kusonyeza kuti iwo ankadwala mtima kuposa osamwa. Chimodzi mwa zifukwa zimene akatswiri amatchula ndi chakuti amayi osankha okha kumwa mahomoni anali athanzi ndi odzisamalira kale, m'njira zimene fomu ya mafunso siigwira bwino. Ena amatchulanso kusiyana kwa msinkhu woyambira kumwa ndi mmene nthawi inkawerengedwera. Maere ali ndi mphamvu chifukwa amagawa mofanana ngakhale zinthu zimene palibe anaziganizira.

Sikuti kafukufuku wopanda maere ngwachabe. Palibe anagawa anthu mwa maere kuti ena asute, ndipo Ronald Fisher, katswiri wamkulu wa ziwerengero amenenso ankasuta kaliwo, anatsutsa zoti fodya ndi amene amayambitsa khansa ponena kuti mwina pali chibadwa chimene chimachititsa munthu kukonda fodya komanso kudwala khansa ya m'mapapo. Jerome Cornfield ndi anzake anamuyankha mu 1959 ndi masamu: ngati osuta amadwala khansayi kochuluka ka 9 kuposa osasuta, chibadwacho chiyenera kupezeka mwa osuta kochuluka kosachepera ka 9, ndipo palibe chotere chimene chinapezeka. Funso lomwelo mukhoza kulifunsa pa ntchito yanu pogwiritsa ntchito E-value, imene Tyler VanderWeele ndi Peng Ding anabweretsa mu 2017. Pamene imfa sizichitika kawirikawiri ndipo hazard ratio yanu ndi 2, chinthu chobisikacho chiyenera kugwirizana ndi mankhwala komanso ndi imfa pa mlingo wa pafupifupi 3.4 mbali iliyonse kuti chifafanize zonse mwapezazo. Ikani nambala imeneyo m'lipoti lanu pafupi ndi mlingo wa zinthu zimene munayeza, monga zaka ndi kukula kwa matenda, kuti owerenga aone okha ngati chinthu champhamvu chotero chikanatha kukuphonyani.