Injini adzaitontholetsa, koma anzanu olongolola muziwamvabe

Achemwali, mwafunsa ziwiri. Choyamba, ngati mahedifoni ophimba khutu lonse aja, opanda waya, amathetsadi phokoso, poti mu ofesi mwanu anthu salekeza kulongolola komanso mumayenda maulendo ataliatali pabasi. Chachiwiri, ngati sawononga makutu. Anzathu ambiri amene akuyankhani kale akungotchula mitundu yoti mugule. Ine ndikuuzeni kaye zomwe mukazipeze mukawavala, chifukwa ambiri amagwa ulesi tsiku loyamba lomwe.

Pabasi mukasangalala. Mu ofesi, pang'ono chabe. Zimatero chifukwa cha mmene amagwirira ntchito. Mbali iliyonse ili ndi timaikolofoni, tina kunja, tina mkati pafupi ndi khutu. Timeneti timamvetsera phokoso, kenako kachipangizo kamkati kamatulutsa mafunde ena a mawu otsutsana ndendende ndi a phokosolo: pamene la phokoso likukwera, linalo likutsika, ndipo akakumana pakhutu amafafanizana. Njira imeneyi imagwira bwino pa phokoso la besi, lija longolira chimodzimodzi osasintha: injini ya basi kapena ya ndege, fani, jenereta, firiji, makina oziziritsa mpweya. Mukangodina batani loyatsira makina ochotsa phokosowa, lolembedwa ANC, kulira konse kuja kumangoti zii. Ulendo woyamba mumachita kuvula kuti mutsimikize ngati injini ikadalirabe.

Mawu a munthu ndi nkhani ina. Amakwera, amatsika, amadukaduka, ndipo makinawo sangawalondole msanga. Chimodzimodzinso kuseka, mwana wolira, hutala, kapena chitseko chomenyetsedwa. Zonsezi zimachepako, koma sizitha. Choseketsa n'chakuti nthawi zina fani ikaleka kumveka, mawu a mnzanu wolankhula pafoni uja mumayamba kuwamva bwino kuposa kale, chifukwa chomwe chimawaphimba chija chachoka. Chomwe chimatchinga mawu a anthu kwenikweni ndi masiponji ozungulira khutu, mukaonjezerapo kanyimbo kapansipansi kopanda mawu. Musadabwe nazo, zinthuzi anazipangira ndege. Amar Bose, yemwe anayambitsa kampani ya zokuzira mawu ya Bose, anayamba kuziganizira mu 1978 ali m'ndege, atakanika kumva nyimbo chifukwa cha injini. Kampani yake inayamba kugulitsa za oyendetsa ndege mu 1989, ndipo za anthu wamba, zotchedwa QuietComfort, zinadzabwera mu 2000.

Tsono za makutu, zomwe kwa ine ndiye chifukwa chenicheni chogulira. Chimaononga makutu si makina ochotsa phokosowo ayi, koma voliyumu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu angamvetsere mawu a madesibelo 80 (madesibelo ndi muyeso wa kukwera kwa mawu) kwa maola 40 pa sabata popanda vuto, koma pa madesibelo 90 nthawiyo imatsika kufika maola 4 okha pa sabata. Limatinso achinyamata oposa biliyoni imodzi ali pachiopsezo choonongeka makutu chifukwa cha kamvetseredwe kawo. Ndiye taganizani zomwe timachita tikakhala pabasi ndi timahedifoni wamba: injini ikulira, ife tikukweza, mpaka woyandikana naye akumva nyimbo yonse. Injini ija ikachotsedwa, simulimbananso ndi chilichonse, ndipo voliyumu yosafika ndi theka lomwe imakukwanirani. Mumatsika basi mutu uli myaa. Masiku ena ine ndimangowavala osaika nyimbo iliyonse. Koma chonde, asakunamizeni kuti angalowe m'malo mwa zotchinga makutu za kufakitale kapena za ogwira ntchito ndi makina odulira zitsulo. Zimenezo ndi zida zina.

Pali chinthu chimodzi chomwe sachilemba pakatoni. Anthu ena akayatsa ANC amamva ngati makutu atsekeka, monga zimachitira ndege ikamatera, ndipo ena amachita kachizungulire kapena nseru pang'ono. Mpweya m'khutumo sunasinthe, ndi ubongo chabe womwe ukudabwa kuti phokoso la besi lapita kuti. Ambiri amazolowera pakapita masiku, ena sazolowera mpaka kalekale. Ngati mungathe, bwerekani a munthu wina muwavale kwa kanthawi ndithu musanatulutse ndalama. Pamalo achete mudzamvanso kakuti siii kapansipansi, makamaka pa otsika mtengo.

Poyesapo yang'anitsitsani mmene akukhalira pamutu, chifukwa zimenezi zimaposa dzina la kampani. Kulemera kumasiyana kwambiri: Sony WH-1000XM5 imalemera magalamu pafupifupi 250, pomwe AirPods Max ya Apple imafika cha m'ma 385. M'manja kusiyanako n'kochepa, koma pakatha maola atatu khosi ndi paliwombo zimakuuzani. Ngati mumavala magalasi, timiyendo take timasiya kampata pakati pa siponji ndi khungu, phokoso n'kumalowera pomwepo, besi ya nyimbo n'kumathawiranso pomwepo. Tsitsi lolukidwa lokhuthala ndi ndolo zikuluzikulu zimachitanso chimodzimodzi. Nanga kutentha! Masiponji ambiri amakutidwa ndi chikopa chochita kupanga, chosalowa mpweya, ndipo kukatentha makutu amanyowa thukuta. Thukuta lomwelo ndi mafuta odzola ndi zomwe zimasuputsa kachikopa kaja, mpaka mumapeza tizidutswa takuda m'khosi. Azipukutidwa ndi kansalu kouma, ndipo musanagule funsani ngati masiponjiwo amachotseka ndi kupezeka apadera. Kothamangira kapena ku jimu si malo ake.

Batire siidzakuvutani. Ambiri odziwika amakhala maola pakati pa 20 ndi 30 ANC ili yoyatsa, ndipo kutchaja kwa mphindi zochepa kumakupatsani maola angapo. Imafooka pakapita zaka monga ya foni, ndipo kuisintha si kophweka. N'chifukwa chake ndimakonda omwe ali ndi kabowo ka waya wa 3.5 mm, kuti batire ikatha muzimverabe.

Poti mwatchula ofesi, dziwaninso izi. Mukayamba kuimba foni kapena kulowa msonkhano wa pa Zoom, Bluetooth imasinthira ku njira ina yonyamula mawu mbali zonse ziwiri, ndipo kamvekedwe kamatsika ndithu. Si kuti aonongeka. Ndiponso chete yemwe mukumumva inuyo, amene mukulankhula naye sakumumva: maikolofoni ikhoza kumupititsira phokoso la m'chipindamo, ngakhale atsopano amayesetsa kulisefa. Mudzagwidwanso mukukuwa osadziwa, chifukwa mawu anu omwe simukuwamva bwino. Fufuzani omwe amalumikizika ku zipangizo ziwiri nthawi imodzi, pakatoni amalemba multipoint, kuti foni ikalira muli pa laputopu musamavutike ndi kuzimitsa uku, kuyatsa uko. Pa YouTube ndi makanema ena kuchedwa kwa mawu sikuoneka kwenikweni, koma pa magemu kumaoneka.

Pamsewu musayende ANC ili yoyatsa. Phokoso lomwe amalichotsa bwino kwambiri ndi la injini, lomwe ndi lomwelo limakuchenjezani kuti galimoto ili kumbuyo kwanu. Pafupifupi onse ali ndi batani lolowetsa mawu akunja, ena amalemba ambient, ena transparency. Gwiritsani limenelo, kapena ingowakolekani m'khosi. Kukachita mphepo, timaikolofoni takunja tija timasokonezeka n'kumakupatsani phokoso la fuuu loposa lomwe mumathawa.

Ndiye ngati vuto lanu lalikulu ndi basi, gulani, simudzadandaula, ndipo sizichita kufunika okwera mtengo kwambiri. Ngati ndi anthu a mu ofesi aja, sankhani a masiponji akuya ogwira bwino kuzungulira khutu, ndipo muyese kaye pomwe anthu akucheza, osati pafupi ndi fani. Mutiuzenso ngati foni yanu ndi iPhone kapena Android, komanso ngati mumavala magalasi, kuti otchula mitundu aja atchule yokuyenerani.