Kokayenda pansi pa mitengo mukachokera ku Salima

Mayi ena a ku Salima andilembera imelo. Akuti ana awo akulira pamchenga wa ku Senga Bay, nyanja yawakwana, tsopano akufuna awaonetse malo a mapiri kumene munthu angayende mumthunzi wa mitengo. Akufunsa ngati ayenera kukafika mpaka ku Zomba kapena ku Mulanje.

Ayi mayi, musapite kutali. Bwerani kuno ku Nkhotakota ndi msewu wa M5, mukafika pa boma mukhotere kumadzulo, msewu wa ku Kasungu. Ukangoyamba kukwera chitunda, msewuwu umalowa m'nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota, yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 1,800. Minda imatha mwadzidzidzi. Uku ndi uku mitengo ya mombo, tsamba, masuku, mlombwa, ndipo m'makona ena nthambi zimachita kukumana pamwamba pa galimoto.

Koma nkhani yagona pa mwezi. Mubwere mu Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala. Anthu amadikira dzinja poganiza kuti kukongola ndi kubiriwira kokha, ine sindivomereza. Mvula isanagwe, pansi pali gwaa, mitengoyi imaphuka masamba anthete ofiira, ena achikasu, phiri lonse psuu. Tsamba lake mukaligwira ndi lofewa ngati khutu la khanda. Pakapita milungu yochepa lasanduka lobiriwira, mwayi wapita.

Muyende pang'onopang'ono ndipo musatsike m'galimoto mwachisawawa. Bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira nkhalangoyi mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 linabweretsa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Kuyenda wapansi, kaya m'mbali mwa mtsinje wa Bua, uja mumakwera nsomba za mpasa pokaswana, kaya kuphiri la Chipata, kumafuna kupita ndi mlonda wa nkhalango. Kulinso kashembe, ntchentche yoluma kwambiri yomwe imafalitsa matenda a kaodzera. Imakonda zovala zakuda ndi zabuluu, choncho ana muwaveke zoyererapo, za manja aatali.

Chimandipweteka mtima ndi zomwe timaona m'misewu yathu kunja kwa mpanda: matumba a makala ndandanda, kumbuyo kwake zitsa zokhazokha. Anawo aone zimenezinso, musawabisire.

Ngati mukufuna kanjira koti miyendo iwongoke popanda mantha a njovu, pitirirani ku Ntchisi. Pamwamba pa phiri la Ntchisi pali nkhalango yosayoyola masamba chaka chonse, ya mitengo italiitali yokulungidwa ndi zilambe, pansi pachinyontho, anyani akulumpha m'nthambi. Akuluakulu amati makolo ankabisala mmenemo pothawa nkhondo ya Angoni. Mupeze munthu wa m'mudzi wapafupi akutsogolereni, tinjira take timasokoneza. Msewu wofika kuphiriko ndi wafumbi ndipo mvula ikagwa umaterera, nchifukwa chakenso ndikuti mupite chilimwe. Majuzi musaiwale, ana ozolowera kutentha kwa ku Salima akanjenjemera kumeneko madzulo.