Inshulansi ya chipatala ku Netherlands: yokakamizayo musachedwe nayo, yowonjezerayo muyambe mwawerengera

Achemwali, takunyadirani kuti ntchito ya ku Utrecht ija yatheka. Mwati mwafika ndi bambo akunyumba ndi ana awiri, kuntchito akuuzani kuti inshulansi ya chipatala mukapeze nokha, ndiye pa intaneti mukungoona basisverzekering (inshulansi yoyamba) ndi aanvullende verzekering (yowonjezera), mitengo yake mbwee, ndipo mukufuna kudziwa ngati zonse ziwirizi ndi zokakamiza. Ayi, yokakamiza ndi yoyambayo basi.

Kwathu munthu ukadwala umapita kuchipatala cha boma osalipira, ndipo inshulansi ngati ya MASM imakhala ya amene akufuna kapena amene akuntchito awalembetsa. Kuno lamulo lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2006 limati aliyense wokhala kapena kugwira ntchito mdziko muno akhale ndi basisverzekering. Amagulitsa ndi makampani omwe si aboma, monga CZ, VGZ, Menzis ndi Zilveren Kruis, koma zomwe zili m'kati mwake amasankha ndi boma chaka ndi chaka. Ndiye kaya mupite ku kampani iti, thandizo lake ndi lomwelo: dokotala wa m'dera lanu, yemwe kuno amati huisarts, kugonekedwa mchipatala, opaleshoni, mankhwala ambiri olembedwa ndi dokotala, azamba, ambulansi. Komanso kampani siiloledwa kukukanani kapena kukukwezerani mtengo chifukwa muli ndi shuga, BP, HIV kapena chifukwa mwakula. Izi ndazitchula dala, chifukwa abale ena amazengereza kulembetsa poopa kuti akafunsidwa za matenda awo. Pa yoyambayi palibe chowopa.

Chomwe ndikukupemphani ndi chakuti musachedwe. Muli ndi miyezi 4 kuchokera tsiku lomwe lamuloli linayamba kukukhudzani. Mukalembetsa m'kati mwa miyeziyi, inshulansi imawerengedwa kuyambira tsiku loyamba lija, ndipo ndalama za miyezi yapitayo mudzazilipirabe, choncho kudikira sikupulumutsa ngakhale khobidi. Mukapyola miyezi 4, mabilu a m'mbuyo ndi anu, ndipo bungwe la boma la CAK, lomwe limalondola anthu opanda inshulansi, limayamba ndi kalata, kenako chindapusa cha pafupifupi €500, kenakonso china, mapeto ake amakulembetsani okha. Mukangotenga nambala yanu ya boma, yomwe amati BSN, ku khonsolo (gemeente), lembetsani sabata yomweyo. Inu ndi bambo aliyense amalipira payekha, ndipo mu 2025 mtengo wake unali cha m'ma €150 mpaka €160 pamwezi munthu mmodzi. Ana osakwana zaka 18 salipira, koma muyenera kuwalembetsa, sangolowa okha.

Pali chinthu chomwe chimadzidzimutsa pafupifupi aliyense chaka choyamba, chomwe ndi eigen risico. Munthu wamkulu aliyense amayamba wadzilipirira yekha €385 yoyamba pachaka (mlingo wa mu 2025), kenako inshulansi ndiye imapitiriza. Kuonana ndi huisarts sikulowa m'menemo, azambanso ayi. Koma huisarts yemweyo akakutumizani kukayezetsa magazi, kukajambulitsa, kapena akakulemberani mankhwala, bilu yake imabwera kwa inu mpaka €385 ija itakwana. Imabweranso mochedwa, mwina patapita miyezi inu mutaiwala kale kuti munadwala. Ikani ndalama imeneyi pambali ya inu ndi ya bambo, kapena pemphani kampani kuti muzilipira pang'onopang'ono. Adzakunyengereraninso kuti mukweze eigen risico ndi €500 ina kufika pa €885, kuti mtengo wa pamwezi utsike. Ine kwa banja longofika kumene ndimati ayi. Chotsikacho ndi chochepa, ndipo chaka choyamba simunadziwe momwe thupi lilandirire kuzizira kwa kuno.

Poti thandizo ndi lofanana, mwina mukudabwa kuti nanga mitengo ikusiyaniranji. Kwakukulu ndi nkhani ya zipatala zomwe kampaniyo inagwirizana nazo. Pa mtundu womwe amati natura, mukapita komwe ali ndi mgwirizano amalipira zonse, koma mukapita kwina amabweza gawo chabe. Zotsika mtengo kwambiri zija nthawi zina zimakhala ndi zipatala zowerengeka. Musanasaine, onani ngati chipatala chapafupi ndi kwanu chilipo pamndandanda. Ndipo pezani huisarts msanga, mukadali bwinobwino, chifukwa m'mizinda ambiri ndi odzadza, ndipo popanda kalata yake simungaonane ndi dokotala wamkulu kuchipatala.

Tsopano yowonjezera ija. Iyi ndi malonda wamba, boma silikakamiza munthu, ndipo kampani ili ndi ufulu wokufunsani za thanzi lanu, kukukanani, kapena kukuuzani kuti mudikire chaka musanapindule ndi zina. Imathandiza pa zomwe yoyamba inasiya: mano a akuluakulu, magalasi, mafizo, mawaya owongola mano a ana. Pamenepa ndi pomwe anthu amataya ndalama mwakachetechete, chifukwa amagula ndi mantha, osawerengera.

Tengani pepala. Tiyerekeze kuti ya mano akuti €20 pamwezi. Pachaka ndi €240. Kenako werengani malire ake, chifukwa zambiri zimabweza 75 kapena 80 peresenti ya bilu mpaka pamlingo winawake, mwachitsanzo €250 kapena €500, osapitirira. Ngati mano anu ndi abwino ndipo mumangopita kukawaonetsa ndi kukawatsuka, mudzapeza kuti mwalipira zambiri kuposa zomwe mwabwezeredwa. Koma ngati mukudziwa kuti muli ndi dzino lobooka lomwe mwakhala mukungopirira nalo pomwa panado kuyambira kumudzi, kapena bambo amavutika msana ndipo afunika mafizo pafupipafupi, apo ndiye ingakuthandizeni. Pa mafizo dziwani kuti ngakhale matenda okhalitsa omwe ali pamndandanda wa boma, munthu wamkulu amadzilipirira maulendo 20 oyamba.

Za ana musawagulire ya mano mwachisawawa. Kuonetsa mano, kumata ndi kuzula zili kale mu yoyamba mpaka atakwanitsa zaka 18. Zomwe mulibe ndi mawaya aja, ndipo amadya ndalama zambiri, masauzande a mayuro. Ngati dokotala wa mano wanena kuti mwana adzafunika mawaya, yambani kuyang'ana chaka chimodzi zisanachitike chifukwa cha kudikira kuja. Makampani ambiri amamulowetsa mwana ulere mu yowonjezera ya kholo, ndiye nthawi zina zimakwanira kuti kholo limodzi lokha ligule.

Pali mbali ina yomwe imatikhudza ife opita kumudzi. Yoyamba imalipira thandizo ladzidzidzi ngakhale muli kunja, koma pamtengo wa ku Netherlands, ndipo siilipira ndege yokubwezani kuno mukadwalika. Katemera wa paulendo ndi mankhwala oteteza ku malungo mulibemonso. Musanene kuti ine ndinakulira ku Nkhotakota, udzudzu umandidziwa. Munthu akakhala zaka kunja chitetezo chija chimatha, ndipo ana okulira kuno ndiye alibiretu. Choncho chaka chomwe mukupita kwathu, onani ngati yowonjezera kapena inshulansi ya paulendo ikukwanira pa zimenezi. Ndinenenso ngakhale ndi zosakoma kumva: kutumiza thupi kumudzi pakagwa zovuta si nkhani ya inshulansi ya chipatala. Imeneyo ndi ya maliro, yapadera, ndipo ndi bwino kuiganizira kusiyana ndi kudalira zopereka za abale ndi anzanu.

Funsaninso za zorgtoeslag, ndalama yomwe boma limathandizira a malipiro ochepa kudzera ku Dienst Toeslagen. Amawerengera malipiro a nonse awiri pamodzi. Bambo akadzapeza ntchito mukadziwitse a Dienst Toeslagen msanga, apo ayi adzakuuzani kuti mubweze zonse zomwe munalandira mopitirira.

Kwa ophunzira amene mukuwerenga nawo, a ku Wageningen, Delft ndi The Hague, nkhani yanu ndi ina. Amene anabwera kudzaphunzira basi osagwira ntchito saloledwa kugula basisverzekering, amakhala ndi ya ophunzira ochokera kunja. Koma tsiku lomwe mwayamba kaganyu kolipidwa, lamulo lija lakugwirani. Ngati simukumvetsa mbali yomwe muli, bungwe la boma la SVB ndi lomwe limagamula.

Achemwali, zomwe musankhe panozi si zamuyaya. Pofika pa 12 Novembala makampani onse amakhala atalengeza mitengo ya chaka chotsatira. Mukafuna kusintha, mumathetsa yakale pofika pa 31 Disembala ndi kulowa yatsopano Januwale asanathe, ndipo mukalembetsa kwatsopanoko mu Disembala iwo amakuthetserani yakaleyo. Ndiye ine ndikadakhala inu, chaka chino ndikadatenga yoyamba yokhala ndi chipatala chapafupi, kupita banja lonse kwa dokotala wa mano kamodzi kuti anene zomwe zikufunika, kusunga malisiti onse, kenako mu Novembala kukhala pansi ndi bambo n'kuwerengera ngati yowonjezerayo ikuyenera.